Tawuni, Kagalu ka Apongozi

Anthu a pa renki ya makombi mu Bindura aona zambiri, koma mtsikana wobereka kagalu kumbuyo ngati khanda anali asanamuonepo. Zelesi atangotsika kombi yochokera kwawo ku Madziwa, anyamata oitanira anamulandira ndi chipongwe.

"Sisi, nanga bambo a mwanayu ali kuti?" anafuula wina m'Chishona, anzake n'kuseka chikhakhali.

Zelesi anamasula nsalu n'kutsitsira kagaluko pa phula. Kanali kakuda bii, ka banga loyera pachifuwa, makutu aatali ngati obwereka kwa mkulu wake. Kananunkhiza tayala la kombi, kanayetsemula, kenaka kanayamba kugwedezera mchira aliyense wodutsa, ndi opisa m'matumba omwe. Bambo ake a Zelesi, a Kaitano, ndiwo anakapatsa dzina loti Tawuni, poti mwa ana onse a galu wawo, ndi kokhako kamene kanali ndi mwayi wokakhala ku nyumba ya magetsi.

Kagaluka kanasenzetsedwa katundu woposa msinkhu wake. Zelesi anali pa ubwenzi ndi Tinashe, mnyamata wa ku Aerodrome, dera la nyumba za mipanda mu Bindura momwemo, ndipo awiriwa ankafuna banja. Chopinga chinali mayi ake a mnyamatayo. Mai Tinashe anali atanenetsa kuti mwana wa pa komboni ya mgodi wotsekedwa sadzaponda pakhomo pawo ngati mtengwa. Chopweteka n'chakuti bambo awo a mayi omwewo anachoka ku Dedza wapansi kudzakumba m'migodi yomweyi. Koma banjalo litangopeza nyumba ya mpanda, dzina loti Phiri linasanduka la Chishona loti Soko, ndipo Chichewa anachithamangitsa m'nyumba ngati mphaka wakuba nsomba.

Akuba atalumpha mpanda n'kunyamula botolo la gasi, mayiwo anayamba kufuna galu. Ankafuna wouwa akuba koma wofatsa kwa alendo, chifukwa amayi a ku tchalitchi ankasonkhana kwawo kudzapemphera. Apo ndi pamene Tinashe anaonera mpata. Zelesi alere galu wotere ndi manja ake, akamupereke ngati mphatso, mwina mtima wa mayiwo n'kufewa.

Tinashe anatulukira pakati pa makombi, foni ili m'manja. Chichewa ankachimva chonse, koma poyankhula ankachita ngati munthu wowoloka mtsinje pa miyala yoterera.

"Zee, ndawerenga pa foni," anatero akusisita kagaluko. "Akuti kazione zonse kakadali kakang'ono. Magalimoto, njinga zamoto, ana, anthu a maambulera. Kakakula kasanaone, kamaopa. Ndipo imbwa yamantha ndiyo imaluma, handiti?"

"Kwathu timati m'mera mpoyamba," anayankha Zelesi. "Foni yakoyo yangobera agogo."

Anayenda nako mu msika, amayi a tomato n'kumakagwira makutu. Anakaimika pafupi ndi owotcherera zitsulo mpaka kanaleka kudzidzimuka. Anakawolotsa msewu waukulu uku ndi uku, kali pa chingwe, malole a miyala ya mu mgodi akudutsa n'kumagwedeza pansi. Tawuni ankangoona zonsezi ngati phwando lomukonzera iyeyo.

"Khala pansi, Tawuni," anatero Zelesi, ndipo kanakhaladi, makutu lendelende.

Tinashe anayang'ana uku ndi uku ngati mayi ake ali pafupi. "Uzikauza kuti gara pasi. Mhamha akamva Chichewa pa geti, zatha. Iwenso, tsiku lakelo usakanene zikomo. Ukawombe m'manja ngati muroora, mtengwa wa Chishona."

"Ndiye kuti pa sukuluyi tilipo awiri, ine ndi galuyu," anatero Zelesi. "Wolephera mudzamutani?"

Tinashe anaseka. Zelesi sanaseke, chifukwa funsolo linali lochokera pansi pa mtima.

Akugawana botolo la chakumwa pa khonde la sitolo, panafika Rutendo, wotsogolera kwaya ku tchalitchi cha Mai Tinashe. Anali wokongola, izo sitingakane, koma chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Mayi a mwini ankawatchula kale kuti Mhamha, ngati malowolo anapita dzana.

"Tina, Mhamha akukufuna," anatero, kenaka anamuyeza Zelesi kuyambira pa patapata mpaka pa duku. "Awa ndi ogulitsa agalu aja?"

"Uyu ndi Zelesi," anatero Tinashe.

Anathera pomwepo. Zelesi anadikira mawu ena otsatira dzinalo, koma sanabwere, ndipo anakwera kombi yobwerera kwawo mtima uli chinunu.

*

Sabata yotsatira kunabwera uthenga wochokera ku Jumbo Mine. Olipa, mkulu wake wa Zelesi, anali atachira movutikira, ndipo panalibe womutungira madzi. Mayi awo anamwalira kale, choncho ulendo unagwera Zelesi. Galu sakanapita naye ku chipinda chimodzi chokhala ndi khanda la masiku.

"Ababa, chonde," anatero atagwada pafupi ndi mpando wa a Kaitano. "Muzikatulutsa tsiku lililonse. Muzipita nako ku msewu kakaone magalimoto. Ana akafuna kukagwira, muziwalola."

A Kaitano anakhala mlonda pa mgodi wa Madziwa mpaka tsiku limene mgodiwo unatsekedwa, ndipo nkhani ya agalu ankaitenga ngati yawoyawo. Anapukusa mutu.

"Aikona, mwana wanga. Galu wogwiridwa ndi aliyense ndi mbuzi. Ife ku mgodi tinkamuika mu mgolo wachitsulo, mdima bii, osaona munthu. Uzimenya mgolowo ndi chitsulo, katsabola pang'ono m'chakudya. Akatulukamo, mushe sterek, galu weniweni! Ngakhale makorokoza, okumba golide mozemba a zikwanje aja, amaliyatsa liwiro."

"Si galu wa ku mgodi ameneyu, Ababa. Ndi wa ku nyumba ya mapemphero."

"Galu wamkota sakandira pachabe. Anthu aja anaberedwa."

"Ababa, ndagwira mwendo wanu."

"Ndamva," anatero mkuluyo, akuyang'ana kumbali.

Ku Jumbo masiku anayenda pang'onopang'ono, ndi matewera, ndi fumbi la okumba golide. Foni ndiyo inali khomo lokhalo lotulukira. Tsiku lina Zelesi anaona chithunzi chimene Rutendo anaika poyera: iye ndi Mai Tinashe, atavala nsalu zofanana za ku tchalitchi, atatsamirana mapewa. Zelesi analembera Tinashe uthenga waukali, anaufufuta, n'kulemba wina wongoti, "Ukundikumbukirabe?"

Yankho linabwera madzulo, akuanula matewera. "Zee!! Mhamha avomera kukuona. Loweruka lino. Ubwere ndi Tawuni. Usachedwe."

Zelesi anakhala pansi pomwepo pa fumbi, matewera ali pamiyendo, n'kuyamba kulira. Olipa anaganiza kuti kwagwa maliro.

*

Anafika ku Madziwa Lachisanu masana. Kale Tawuni ankamumva akadali pa mjigo n'kubwera chothamanga, makutu akuuluka. Tsikuli pabwalo panali zii.

Anakapeza pansi pa benchi ya kukhitchini, katadzipinda, maso katatsinzina ngati dzuwa likukalasa. Kanali katakula thupi, koma mchira unali pakati pa miyendo. Atatambasula dzanja, kanabwerera m'mbuyo n'kuonetsa mano, kenaka kanazindikira fungo lake n'kuyamba kumunyambita zala kakulira. Chivindikiro cha poto chitagwa mwangozi, kanakuwa ngati kapondedwa, n'kudzikodzera.

"Ababa, kagaluka katani?"

"Kangokusowa," anatero a Kaitano, akusoka nsapato osadzutsa mutu.

Zelesi anafuna kufunsanso, koma anaopa yankho. Munthu akakhala ndi chiyembekezo chimodzi chokha, bodza amalilandira ndi manja awiri. Anapita kuseri kwa nyumba n'kuimbira Tinashe.

"Tisinthe tsiku. Tawuni sali bwino. Ndipatse masabata angapo ndikabweze mtima."

"Zee, ukudziwa mmene ndavutikira? Ndasala kudya, ndagwada, ndalira. Mhamha aitana kale madzimai a ku tchalitchi. Ukapanda kubwera mawa, adzati mabhurandaya ndi choncho, sasunga mawu. Sadzavomeranso."

Mawu akuti mabhurandaya, chitonzo chimene anthu a kuno amanyozera nacho ochokera ku Malawi, anatuluka m'kamwa mwa mdzukulu wa munthu wa ku Dedza mosavuta konse. Zelesi anawameza. Anadziuza kuti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, ndipo anapita kukasita diresi.

*

Tinashe anadzawatenga pa renki pa galimoto yobwereka. Pa mpando wa kutsogolo panali Rutendo, jumbo ya nyama ili pamiyendo.

"Mhamha anandituma ku butchala," anatero mokoma. "Khalani kumbuyo ndi mwana wanuyo, muzitambasuka bwino."

Akudutsa pa owotcherera zitsulo paja, nyundo inagunda lata. Tawuni analowetsa mutu m'khwapa mwa Zelesi, thupi lonse likunjenjemera. Rutendo anatembenuka n'kukayang'ana nthawi yaitali.

"Kamaopa zitsulo, nhai? Zachisoni."

Ku Aerodrome, Mai Tinashe anali pa khonde ndi amayi awiri a ku tchalitchi, atavala bulauzi yoyera. Zelesi anagwada pa simenti, anawomba m'manja monga anaphunzitsidwira, n'kupereka moni m'Chishona chosalala. Mayiwo anayankha ndi mphuno. Anamufunsa za sukulu, za mpingo, za ntchito ya bambo ake, ndipo yankho lililonse ankalilandira ndi kuyang'anana ndi anzawo aja.

"Ndiye galu wakeyo ndi ameneyu?"

"Gara pasi, Tawuni," ananong'ona Zelesi.

Kanakhala. Kankanjenjemera, koma kanakhala, banga loyera lija lili poyera. Mai Tinashe anakayang'ana, ndipo nkhope yawo inayamba kumasuka ngati ya munthu amene waona m'bale pa chigulu cha alendo.

"Bambo anga anali ndi galu wa banga lotere," anatero motsitsa mawu. "Ankawaperekeza mpaka pa chipata cha mgodi."

Ananena zimenezi m'Chichewa. Tinashe anatsegula pakamwa, pakuti chiyankhulocho anali atangochimvapo kwa mayi ake pa maliro a agogo. Zelesi anamva misozi ikubwera. Anaona ukwati wake uli pafupi, woti angotambasula dzanja n'kuugwira.

Mayiwo anawerama. "Bwera kuno, mwanawe," anatero, dzanja likutsikira pamutu pa kagaluko.

Nthawi yomweyo Rutendo, amene anatsalira m'mbuyo ndi jumbo yake, anakankha geti lachitsulo ndi mphamvu zake zonse. Linagunda chipilala kuti gwaa!

Zinachitika mwa kuphethira kwa diso. Tawuni anakuwa, analumpha, mano n'kulowa m'dzanja la Mai Tinashe pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Magazi anadonthera pa bulauzi yoyera ija. Amayi a ku tchalitchi anayamba kufuula dzina la Yesu, wina atakwera pa mpando.

"Pepani, Amayi! Pepani, zikomo, pepani!" Chishona chonse chinamuthawa Zelesi. Anakoka chingwe, akukwawa ndi mawondo.

Rutendo anali atafika kale, atavula duku lake n'kumamanga dzanjalo. "Mphepo, Mhamha. Geti landipulumuka."

Mai Tinashe anayang'ana Zelesi, ndipo Chichewa chija chinali chitabwerera kumene chinabisala. Anayankhula m'Chishona chozizira, mawu amodziamodzi, kuti anzawo amve bwino.

"Galu amatengera mwini wake. Mungamusambitse, mungamuphunzitse kukhala pansi, koma za pa komboni sizichoka. Tinashe, ndichotsere zinthu izi pakhomo panga."

Tinashe anathamangira makiyi. Anakweza mayi ake, Rutendo n'kukhala pambali pawo atawagwira dzanja, galimoto n'kutuluka kupita ku chipatala. Palibe anamuuza Zelesi kuti adikire, palibenso anamuuza njira. Anabereka kagalu kake n'kuyenda wapansi mpaka ku renki, ndipo ulendo uno oitanira aja ataona nkhope yake sanamuseke.

*

A Kaitano anali atavala jekete lawo la Lamlungu, atakhala panja kudikira nkhani yabwino. Ataona kagalu kali kumbuyo, anaimirira.

"Bwanji, sanakalandire?"

"Kaluma, Ababa. Kaluma mayi ake a Tinashe."

Nkhope ya mkuluyo inawala. Anawomba m'manja kamodzi. "Kaluma? Pa msinkhu umenewu? Mushe sterek! Ndiye aona okha kuti si mbuzi. Bwera udzaone."

Anamutsogolera kuseri kwa chimbudzi, kumene kunali mgolo wakale wa ku mgodi, wovindikiridwa ndi lata ndi mwala pamwamba. Pambali pake panali chitsulo chomenyera. M'kati munali chisaka chong'ambikang'ambika, ndipo m'mbali mwa mgolowo munali mikwingwirima ya zikhadabo zing'onozing'ono, kuyambira pansi mpaka pamene kankafika. Tawuni atangomva fungo la malowo anayamba kulira kumbuyo kwa Zelesi.

"M'mawa ndi madzulo," anatero a Kaitano monyadira. "Ndikamenya, ndimalowetsa dzanja ndi chisakachi kuchokera pamwamba, kuti kadziwe kuti dzanja lobwera pamutu ndi mdani."

"Ababa, mwandiphera ukwati."

Anawauza zonse: khonde, Chichewa cha mayi aja, geti, magazi, mawu otsiriza. Akufotokoza, kunyada kunkachoka pa nkhope ya bambo ake pang'onopang'ono, mpaka anakhala pansi pa mwala.

"Ine ndilibe ng'ombe, Zelesi," anatero. "Ndilibe nyumba yoti anthu aja angalowemo osapinda mphuno. Chimene ndimadziwa ndi agalu basi. Ndinati akaone kuti kwa Kaitano nakonso kumachoka chinthu choti munthu n'kuchipatsa ulemu."

Zelesi anafuna kukalipa, kuswa mbale, kuwatemberera. Koma ungakalipire bwanji munthu amene wakupweteka ndi mphatso yokhayo imene anali nayo? Anakhala pansi pafupi nawo, ndipo analira awiriwo, kagalu kali pakati.

*

Lamlungu linadutsa foni ili chete. Mauthenga ake ankaoneka kuti awerengedwa, koma yankho silinkabwera. "Amayi ali bwanji?" Zii. "Tina, ndiyankhule ngakhale mawu amodzi." Zii. Chakudya chinamukanika, ndipo ankangokhala pa khonde kuphunzitsanso Tawuni kuti dzanja si mdani, kumusisita pansi pa chibwano pang'onopang'ono, ngakhale sankadziwanso kuti akumukonzera nyumba ya yani.

Lolemba m'mawa kunamveka galimoto ikubwera m'njira ya pa komboni. Zelesi anapukuta nkhope ndi nsalu n'kuthamangira panja, mtima utadumpha ngati wa mwana. Wabwera. Pamapeto pake wabwera yekha.

Sanabwere yekha. Rutendo anali pa mpando wa kutsogolo, galasi atatsitsa, pamutu atamanga duku latsopano limene Zelesi analizindikira: linali la nsalu ya Mai Tinashe.

Tinashe anatsika, maso ali ofiira, osamuyang'ana kumaso. "Ndabwera kudzatenga imbwa. A zaziweto akufuna kuisunga aone ngati ilibe chiwewe."

"Akaona kuti ilibe?"

"Mhamha akuti isadzabwererenso kulikonse. Zee, pali zina. Abusa abwera kunyumba. Akuti galu wamng'ono chonchi sangalume yekha munthu wa Mulungu. Akuti anachita kutumidwa, ndi mizimu ya pa komboni."

"Unaona wekha amene anamenyetsa geti."

"Ndinali kuyang'ana Mhamha," anatero Tinashe motsitsa mawu, ndipo Zelesi anadziwa kuti anaona. "Ndakumenyera nkhondo, Zee. Avomera chinthu chimodzi. Lamlungu ubwere ku tchalitchi, uime kutsogolo, unene kuti bambo ako ndiwo anakonza galuyu ndi mankhwala. Uwakane pamaso pa mpingo, akupempherere, usadzapondenso pano. Ukatero, Mhamha akulandira ngati muroora."

Zelesi anafunsa: "Ndikanene kuti bambo anga ndi mfiti?"

"Ndi mawu chabe."

Kumbuyo kwake kunamveka kukhosomola. A Kaitano anali atamva zonse ali pakhomo. Anabwera pang'onopang'ono, anavula chipewa, ndipo munthu wa imvi uja anagwada pa fumbi pamaso pa mnyamata woti akanakhala mkamwini wawo.

"Ababa, dzukani! Anthu akuona!"

"Aone," anatero mkuluyo. "Zelesi mwana wanga, pita ukanene. Galuyu ndinamuononga ndine, pamenepo palibe bodza. Zinazo uwonjezere mmene akufunira. Ine ndatsala pang'ono, dzina langa lilibenso ntchito. Iwe ukakhale ku nyumba ya magetsi."

Azimayi a pa komboni anali ataima m'makomo mwawo, zidebe zili m'manja. Tinashe anatambasula dzanja kuti alandire chingwe, ndipo Tawuni anabisala kuseri kwa miyendo ya Zelesi, akunjenjemera. Chingwecho Zelesi anachikulunga kawiri pa dzanja lake.

"Zee, ndiyankhe. Lamlungu ubwera?"

Zelesi anayang'ana mwamuna amene ankamukonda, anayang'ana bambo ake ali chigwadire, chipewa chili pachifuwa. Asanapeze liwu ndi limodzi lomwe, Rutendo anatambasula dzanja n'kuliza hutala.

"Tina, fulumira," anaitana mokoma. "Mhamha akuti ukakanika kubwera ndi yankho, abale anga ali okonzeka kulandira ankhoswe anu Loweruka."